ZA MALAMULO OIMITSA MALOLE AKURU PA MASIKU OPUMULA NDI PA NYENGO ZINA

Mau onenedwa pa msonkhano wathu, olembedwa pano kuti Mafumu ndi mamembala amene sanakhoza kufika awerenge.

Nkhani imene ndadza nayo ndi ya malole akuru ndi miseu imene apondamo. M'maiko ena muli malamulo akuti pa masiku ena, ndi pa nyengo zina za caka, malole olemera aime. Ndifuna kulongosola makhalidwe a malamulowo, kuti tikadzapempha kanthu kwa Boma lathu tidziwe cotenga ndi cosiya. Pakuti akuru anati, safunsa anadya phula.

Malamulo amenewa ali a mitundu iwiri: ena acinjiriza anthu, ena acinjiriza mseu weniweniwo.

1. Za masiku opumula.

Tiyambe ndi dziko la Germany ku Ulaya, kumene lamulo lotere linaikidwa m'caka ca 1956. Lero lamulolo liti: lole ya malonda yopitirira matani 7 ndi theka, ndi lole iri yonse yokoka ngolo, isayende tsiku Lamulungu kapena tsiku la cikondwerero, kuyambira pakati pa usiku kufikira 10 koloko ya usiku wotsatawo. Masiku a cikondwerero ndiwo monga Krisimasi, Lacisanu Loyera, ndi 3 October, tsiku lokumbukira kugwirizana kwa dziko lao. Ndiponso kuyambira 1 July kufikira 31 August, pamene ana atseka sukulu ndipo mabanja ambiri ali pa ulendo, malole omwewo aletsedwa pa miseu ina yaikuru tsiku Loweruka, kuyambira 7 koloko mamawa kufikira 8 koloko madzulo. Colinga cace ndi cakuti galimoto zazing'ono zodzala ndi ana zisapanikizane ndi malole, ndi kuti okhala m'mbali mwa mseu apume ku phokoso tsiku limodzi pa sabata.

Koma taonani nzeru yace ya lamuloli. Mkaka, nyama, nsomba, zipatso ndi ndiwo zamasamba zosacedwa kuola, zonsezi ziloledwa kuyenda, cifukwa ng'ombe siidziwa Sabata. Ndipo pogwidwa lole yolakwa, mwini wace amene anaituma alipira ndalama zambiri koposa woyendetsa, popeza wanchito sakhoza kukana mau a bwana wace. M'caka ca 2020, pa mliri wa Covid-19, a Boma anayamba alimasula lamulolo kuti zakudya zisasowe m'masitolo.

Tisabise kuti lamuloli liri ndi mabvuto ace. Oyendetsa ambiri ndiwo alendo a maiko ena. Sabata liwapeza kutari ndi kwao, nagona m'malole mwao pa malo oimikapo, amene ali ocepa. Mpumulo wa ena usanduka ndende ya anzao.

2. Za nyengo za caka.

Mtundu waciwiri uoneka bwino ku Michigan, cigawo ca kumpoto m'dziko la America. Kumeneko kuzizira kuumitsa nthaka ngati mwala. Kukayamba kufunda, nthaka isungunuka kuyambira pamwamba, koma pansi pakali pouma, cotero madzi asowa kolowera, ndipo dothi la pansi pa mseu likhala ngati phala. Cifukwa cace lamulo lao licepetsa katundu m'miyezi ya March, April ndi May: pa miseu ya simenti acotsapo magawo 25 pa 100, pa miseu ina magawo 35 pa 100. Lole siiletsedwa kuyenda, koma inyamule pang'ono kufikira nthaka italimba.

Kapena wina adzati, Kodi matumba owerengeka oonjezera aononga ciani? Funso limeneli linayesedwa ku Ottawa, m'cigawo ca Illinois, kuyambira 1958 kufikira 1960, pamene anamanga miseu yoyesera nayendetsapo malole usana ndi usiku. Anapeza kuti ukawirikiza kawiri kulemera kotsamira pa mzere umodzi wa magudumu, mseu suonongeka kawiri ai, koma ngati kakhumi ndi kasanu ndi kamodzi, ndiko 16. Apa mpamene pali cifukwa ca masikelo a malole amene tiwaona m'miseu yathu yaikuru.

Kuno ku Africa mdani wa mseu si cisanu koma mvula. Ku Cameroon, pa miseu ya dothi, aika zipata za mvula. Mvula ikagwa citsulo citsekedwa, malole olemera naima. Itakata, ndipo mseu utauma, citsegulidwa. Kudikira kwa maora owerengeka kupulumutsa mseu wa caka conse.

3. Cotenga ndi cosiya.

Tsono, Mafumu, tiyese zimenezi ndi dziko lathu. Malawi sagundana ndi nyanja yamcere. Mafuta a galimoto, feteleza ndi mankhwala zidzera ku Beira, ku Nacala, ku Dar es Salaam ndi ku Durban, ndipo zambiri zifika pa lole, zitacedwa kale pa zipata za malire monga Mwanza, Dedza ndi Songwe. Kuimitsa malole onse Lamulungu liri lonse, monga acita ku Germany, kungakweze mtengo wa zinthu kwa mlimi wosauka. Ici ine nditi ticisiye.

Koma lamulo la nyengo ndilo lotiyenera. Inu nonse mudziwa cimene cicitika m'dzinja pamene lole yodzala njerwa, mcenga kapena matabwa ilowa mseu wa dothi mvula itangogwa. Ikumba maenje, madzi natsata mkwasa wa magudumu, ulalo wa mitengo nuthyoka. Mwini katundu apita ndi phindu lace. Otsala ndi makasu ndiwo anthu anu, ndipo mai wodwala anyamulidwa pa macira cifukwa galimoto ya cipatala yalephera kudutsa. Walira mvula walira matope, inde; malole tiwafuna, pakuti ndiwo atenga fodya ndi cimanga cathu. Koma sikuyenera kuti matope onse agwere mudzi wokha.

Cifukwa cace ndiika pamaso panu mau anai, kuti mukawavomera tikawapereke ku Boma.

Loyamba: miseu ya dothi itsekedwe kwa malole olemera pakugwa mvula, kufikira itauma.

Laciwiri: lamulo linene poyera kulemera kwace, miyezi yace ndi miseu yace, nililalikidwe dzinja lisanafike, kuti amalonda atute katundu wao m'malimwe.

Lacitatu: galimoto za odwala, za mankhwala, za maliro ndi za cakudya ca pa njala zisaletsedwe konse.

Lacinai: cilango cigwere mwini lole wotuma, ndipo wosunga cipata asalandire kanthu m'manja, pakuti cipata cotseguka ndi ndalama ciposa kuipa mseu wopanda cipata.

Mphamvu yakutseka mseu iri ndi Boma, si ya ife. Koma Mafumu ndiwo adziwa dambo liri lonse ndi ulalo uli wonse wa m'dziko mwao. Ndipempha Mfumu iri yonse idze ku msonkhano ulinkudza ndi maina a miseu yace yobvuta m'dzinja. Mau anga athera pompa.