Chifuwa Chachikulu Chimadziŵika Bwanji: Mau a Mlembi wa Mvano pa Tsiku la Chikumbutso

 Tiyamike Mulungu amene watisunga mpaka taona tsiku lalikulu ili kuno kwa Kapichi.

Komiti inandipempha kuti ndinenepo za ntchito yathu yoyendera odwala. Monga mlembi, ndimalemba m'buku odwala amene taŵayendera ndi maliro amene tapitako. Poŵerenga bukulo ndaona kuti mau ena akubwera kaŵirikaŵiri, akuti: anayamba ndi kutsokomola. Chifukwa chake ndasankha kulankhula za chifuwa chachikulu, chimene achipatala amachitcha TB, makamaka za njira imene munthu amayenda kufikira matendaŵa atadziŵika.

Ndiyamba ndi za kwathu. Mng'ono wanga ankathyola tiyi. Anayamba kutsokomola nthaŵi ya chiperoni, ndipo tonse tinati ndi mame a m'maŵa ndi utsi wa nkhuni. Anagula mapiritsi pagolosale, chifuwa nkuleka pang'ono, kenaka nkubweranso. Mvula itagwa tiyi anachuluka, ndipo mukudziŵa kuti wothyola amalandira molingana ndi makilo, kotero sanafune kutaya ngakhale tsiku limodzi. Usiku ankatuluka thukuta mpaka chofunda kunyoŵa, chakudya osachifuna, thupi nkumatha. Akuluakulu anati ndi tsempho, ena anati wamulodza mnzake wa kumunda. Nkhuku ziŵiri zinapita kwa sing'anga. Tsiku lina mayi wina wachikulire wa Mvano anabwera kudzamuona, ndipo anaona magazi pakansalu kamene ankatsokomolerapo. Anandiitanira kuseri kwa nyumba nandiuza kuti, "Mwana wanga, maŵa m'mamaŵa upite naye kuchipatala, usafunsenso munthu." Apo nkuti patapita miyezi 7. Mng'ono wangayo anachira ndipo ali moyo lero. Koma mwana wake wa zaka zitatu, amene ankagona naye mphasa imodzi, tinafika naye mochedwa, ndipo tinamuika.

Amayi anzanga, kuyeza kuchipatala kunatenga masiku oŵerengeka chabe. Miyezi yonse ija inathera kunyumba, ife tikupatsa chifuwa maina ena.

Tsono matendaŵa ndi otani? Amayamba ndi tizilombo tating'ono tosaoneka ndi maso. Amene anatiwona koyamba ndi dotolo wa ku Germany, Robert Koch, ndipo analengeza pa 24 March 1882. Nchifukwa chake chaka ndi chaka dziko lonse limakumbukira za TB pa 24 March. Wodwala akatsokomola, tizilomboto timayandama mumpweya, ndipo wina amatipuma, makamaka m'nyumba yothithikana yopanda mazenera. Satengera kumtundu, sabwera chifukwa cha mchere wa m'ndiwo, ndiponso sayenda m'mbale kapena m'kapu. Abambo amene anagwira ntchito m'migodi ya ku Joni pa nthaŵi ya Wenela ndi Teba ayenera kusamala koposa, pakuti fumbi la m'migodi limaononga mapapo ndipo TB imaloŵa msanga.

Zizindikiro zake tizisunge pamtima: kutsokomola kofika masabata aŵiri, kutentha thupi, thukuta la usiku, kuwonda, kusafuna chakudya, ndi magazi m'makhololo. Tisadikire magazi ai, chifukwa ambiri saŵaona konse. Munthu amene ali ndi kachilombo ka HIV asadikirenso masabata aŵiriwo. Mwana wamng'ono nthaŵi zina satsokomola kwambiri, amangofooka, osaseŵera, sikelo yake osakwera. Iliponso TB ya kunja kwa mapapo, imene imatupitsa m'khosi kapena kugwira msana.

Munthu akafika kuchipatala, kaya ku Khonjeni, ku Malamulo kapena kuchipatala chachikulu cha ku Thyolo boma, dotolo amayamba ndi kufunsa. Pamenepo tinene zoona zokhazokha: chifuwa chinayamba liti, tamwapo mankhwala anji, ndiponso ngati pakhomo pathu wina anadwalapo TB. Kenaka amapereka kabotolo koti muikemo makhololo. Apa mpamene amayi ambiri timalakwitsa chifukwa cha manyazi, timangolavulira malovu, ndipo m'malovu tizilombo sitipezeka kaŵirikaŵiri. Chofunika nkutsuka m'kamwa ndi madzi, kutuluka panja, kupuma mwamphamvu kangapo, nkutsokomola kuchokera pansi pa chifuwa, kenaka kutseka kabotolo bwinobwino.

Kale makhololo ankaŵaona ndi galasi lokuza zinthu lokha, ndipo tizilombo tikakhala tochepa sitinkaoneka. M'chaka cha 2010 bungwe loona za umoyo padziko lonse linavomereza makina otchedwa GeneXpert. Makinaŵa amapeza TB ngakhale tizilombo tili tochepa, amamaliza ntchito yake m'maola aŵiri, ndiponso amanena ngati ili TB yosamva mankhwala. Kumene kulibe makinaŵa, makhololo amatumizidwa kumene alipo, kotero yankho likhoza kuchedwa masiku angapo. Chonde tizibwerera kukamva yankho. Akanena kuti sanapeze kanthu koma chifuwa chikupitirira, tibwererenso, pakuti angathe kujambula chifuwa ndi ekisire. Kwa ana aang'ono amene sangathe kutulutsa makhololo, dotolo amaona zizindikiro, sikelo, chithunzi cha chifuwa, ndi mbiri ya pakhomo.

Ndinene poyera chimene ambiri timaopa. Wopezeka ndi TB amapemphedwa kuyezetsanso magazi, ndipo ena amathaŵa chipatala chifukwa cha ichi. Kuno ku Thyolo tinaika anthu ambiri m'zaka za m'ma 1990, pamene matenda aŵiriŵa ankayendera limodzi popanda mankhwala otalikitsa moyo, ndipo mantha a nthaŵi imeneyo sanatichoke. Koma ma ARV anafika m'boma lathu lino m'chaka cha 2003, ndipo amene anayamba kumwa pamenepo ena tikuimba nawo kwaya lero. Odwala TB ena ali nako kachilombo, enanso ambiri alibe. Onse aŵiri TB imachizika.

Mankhwala a TB ndi aulere, ndipo amamwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi 6. Pakapita masabata ochepa munthu amamva bwino, nkuganiza kuti wachira, nkusiya. Pamenepo mpamene imayambira TB yosamva mankhwala, imene kuchiza kwake nkovuta. Nchifukwa chake achipatala amafuna munthu wina woyang'anira kuti wodwala akumwadi. Ndiponso pakhomo pakapezeka mmodzi, onse a m'nyumbamo ayenera kukaonedwa, ndipo ana osakwana zaka 5 amapatsidwa mankhwala oŵateteza. Ichi tikanachidziŵa ife kwathu, bwenzi mwana uja ali mnyamata lero.

Mu Marko mutu 2 timaŵerenga za anthu anayi amene ananyamula mnzawo wofa ziŵalo, ndipo atasoŵa poloŵera anasasula denga kuti amufikitse kwa Yesu. Wodwala uja sakanafika yekha. Ifenso timaloŵa m'nyumba zimene dotolo saloŵamo. Timapita ndi ufa, nkhuni, sopo ndi pemphero, ndipo zonsezi nzabwino, tisazisiye. Koma ndikupempha kuti tionjezepo funso limodzi: chifuwachi chatha masabata angati? Chikakhala kuti chafika aŵiri, tisangopemphera nkubwerako. Tiuze mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwathu, timuperekeze wodwalayo, ndipo ngati vuto ndi ndalama ya njinga, thumba lathu la Mvano lithandizepo. Titsegule mazenera m'nyumba zathu ndi m'tchalitchi muno, ndipo ana obadwa kumene alandire katemera wa BCG. Koposa zonse tisunge chinsinsi cha wodwala, chifukwa miseche ndiyo imabisitsa matenda.

Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Mayi amene anandiitanira kuseri kwa nyumba uja anagona kale, koma mng'ono wanga ali moyo chifukwa iwo sanachite manyazi kulankhula. Ambuye atipatse mtima womwewo m'chaka chimene tikuyambachi.