MWAYI WA ANA ATHU M'MAYUNIVESITE OTCHUKA A KUNJA

Mawu amene ofesi yofalitsa nkhani ya khonsolo inakonza kuti awerengedwe pa misonkhano ya makomiti a chitukuko m'mawodi onse



Chaka chilichonse zotsatira za mayeso a MSCE zikatuluka, makolo a ana amene akhoza bwino amabwera ku khonsolo ndi funso ili: kodi mwana amene wapeza mapointi 6 kapena 8 angalandiridwe ku Harvard, ku Oxford kapena ku Cambridge? Ena amafunsa atayamba kale kuitanira malonda ng'ombe kapena dimba. N'chifukwa chake khonsolo yaona kuti n'koyenera kuyankha poyera, mosabisa kanthu. Mwayiwo ulipo, koma ndi wochepa kwambiri, ndipo mapointi paokha satsegula khomo.

Poyamba, ndi bwino kudziwa kukula kwa mpikisano. M'chaka cha 2024, anthu 54,008 anafunsira malo pa Harvard, ku America, ndipo amene analandiridwa anali 1,937 okha. Izi zikutanthauza kuti mwa ofunsira 100 aliwonse, olandiridwa sanakwane anayi. Ambiri mwa okanidwawo sanali mbuli ayi; anali ana otsogola m'masukulu awo ku India, ku China, ku Nigeria, ku Kenya ndi ku America komweko. Komanso malo ambiri amapita kwa nzika za dzikolo, kotero kuti ana a maiko ena onse amalimbirana gawo laling'ono lotsalalo. Choncho mwana akakanidwa, makolo asamuyese wolephera. Amene amakanidwa ndiwo ambiri, ngakhale pakati pa anzeru.

Chachiwiri ndi satifiketi. Mayunivesite otchuka a ku Britain amaona MSCE ngati sitepe imene mwana sanamalize nayo kukonzekera digiri. Amafuna kuti pamwamba pake pakhale mayeso a A Level kapena a International Baccalaureate, amene amatenga zaka zina ziwiri. M'dziko muno maphunziro oterewa amapezeka m'masukulu ochepa, monga Kamuzu Academy ku Mtunthama, Saint Andrew's ku Blantyre ndi Bishop Mackenzie ku Lilongwe, ndipo fizi yake mabanja ambiri a m'mawodi muno sangaikwanitse. Wofuna Oxford kapena Cambridge amafunsira kudzera ku bungwe la UCAS pasanadutse pa 15 Okotobala, ndipo saloledwa kufunsira malo onse awiri m'chaka chimodzi. Pa maphunziro ambiri amalembanso mayeso apadera, kenako n'kufunsidwa mafunso ndi aphunzitsi a kumeneko.

Ku America kasankhidwe kake n'kosiyana. Kumeneko amayang'ana munthu yense. Amafuna malipoti a sukulu a zaka zonse za ku sekondale, osati zotsatira za Fomu 4 zokha. Amafuna makalata a umboni ochokera kwa aphunzitsi amene akumudziwa bwino mwanayo. Ambiri amafuna mayeso a SAT, ndipo ena amafunanso mayeso a Chingelezi monga TOEFL kapena IELTS. Pamwamba pa zonsezi, mwanayo amalemba yekha nkhani yofotokoza moyo wake ndi zimene wachita kunja kwa kalasi. Apa ndi pamene mwana wa kumudzi ali ndi chomuyimira chimene ana a m'mizinda ikuluikulu alibe. Mtsikana amene wakhala akuphunzitsa anzake masamu pansi pa mtengo kwa zaka zitatu, kapena mnyamata amene anatsogolera anzake kubwezeretsa mitengo m'mbali mwa mtsinje, ali ndi nkhani yoona yoti anene. Chofunika n'chakuti ntchitoyo ikhale yeniyeni, yoti mfumu ndi mphunzitsi wamkulu angathe kuichitira umboni. Mafomu amatsekedwa kumayambiriro kwa Novembala kwa ofunsira msanga, ndi kumayambiriro kwa Januwale kwa ena onse.

Chachitatu ndi ndalama, ndipo apa ndi pamene mabanja ambiri amapwetekera. Chaka chimodzi pa yunivesite yotchuka ya ku America, kuphatikiza malo ogona ndi chakudya, chimaposa madola 80,000. Palibe munda kapena khola m'boma lino limene lingalipire zaka zinayi za mtengo wotere. Komabe pali mayunivesite owerengeka, monga Harvard, Yale, Princeton, MIT, Dartmouth ndi Amherst, amene posankha ophunzira sayang'ana ngati banja lili ndi chuma, ngakhale mwanayo achokere kunja, ndipo akamulandira amamuthandiza molingana ndi kusowa kwa banja lake. Zimenezi zikutanthauza kuti mwana wosauka akalowa pa malo amenewa angaphunzire osalipira kanthu. Vuto n'lakuti malo omwewa ndi amene ali ovuta kulowa koposa. M'mayunivesite ena ambiri, mlendo akapempha thandizo la ndalama mwayi wake wolandiridwa umachepa. Ndalama yofunsira malo nayo imakhululukidwa kwa wosauka ngati sukulu yake yamulembera kalata.

Mbiri ya dziko lino ili ndi zitsanzo zosonyeza mmene ulendowu umayendera. M'chaka cha 1958, Legson Kayira ananyamuka kumpoto kwa dziko lino wapansi, nayenda mpaka ku Khartoum m'dziko la Sudan. Sanayambire pa yunivesite yotchuka. Anayambira pa koleji yaing'ono ya Skagit Valley ku America, kenako University of Washington, ndipo pambuyo pake ndi pamene anafika ku Cambridge. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2002. Anabwereka mabuku pa laibulale yaing'ono ya kwawo, napanga makina opukusidwa ndi mphepo opangira magetsi pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa, ziwiya za njinga ndi mitengo ya bulugamu. M'chaka cha 2007 anakalankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha, kenako anakaphunzira ku African Leadership Academy ku Johannesburg, ndipo anamaliza digiri yake ku Dartmouth m'chaka cha 2014. Onse awiriwa anadzera pa mlatho, ndipo aliyense zinamutengera zaka zambiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Milatho yotereyi ilipo mpaka lero. African Leadership Academy imalandira achinyamata a maiko onse a mu Africa kwa zaka ziwiri ndipo imathandiza osowa. Masukulu a United World Colleges, amene imodzi mwa iwo ndi Waterford Kamhlaba ku Eswatini, amasankha ana kudzera ku komiti ya m'dziko lawo ndi kuwaphunzitsa International Baccalaureate. Pologalamu ya Mastercard Foundation Scholars imalipirira ana osauka anzeru m'mayunivesite angapo a mu Africa ndi a kunja. Uphungu wa mafunsidwe a malo ku America umaperekedwa ndi ofesi ya EducationUSA, imene ili pansi pa kazembe wa dzikolo ku Lilongwe.

Palinso mlatho wina umene makolo amaupeputsa, umene ndi mayunivesite a konkuno. Mwana amene wakhoza bwino digiri yoyamba ku UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MZUNI kapena MUST angafunsire digiri yachiwiri kunja. Chevening imalipirira maphunziro a chaka chimodzi ku Britain kwa amene wagwirako ntchito zaka ziwiri. Palinso thandizo la Commonwealth, ndiponso la Rhodes limene limapititsa ophunzira ku Oxford, ndipo Amalawi amaloledwa kupikisana nawo pamodzi ndi anzawo a kummwera kwa Africa. Kwa ana ambiri a m'boma lino, njira iyi ndiyo yodalirika koposa. Pa chifukwa chimenechi, khonsolo ikulangiza kuti mwana aliyense wofunsira malo kunja afunsirenso malo kudzera ku bungwe la NCHE, ndipo akasankhidwa apite. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kutaya malo a ku Zomba kapena ku Bunda chifukwa choyembekezera kalata ya kutsidya kwa nyanja n'kutaya zonse ziwiri.

Mawu omaliza ndi chenjezo. Pali madobadoba amene amayenda m'misika ndi pa WhatsApp, kulonjeza malo ndi sikolashipu kwa aliyense amene angatumize ndalama pa foni. Makolo adziwe kuti malo a pa yunivesite yotchuka sagulidwa kwa munthu wapakati, ndipo palibe amene angatsimikizire mwana kuti alandiridwa. Sikolashipu yeniyeni sipempha ndalama kuti iperekedwe. Kalata iliyonse yonena kuti mwana wasankhidwa pa sukulu imene sanafunsireko n'komwe ndi yabodza. Ngakhale kalata itakhala yoona, pamatsalabe nkhani ya viza, imene malamulo ake amasinthasintha, choncho banja lifunse ku ofesi ya kazembe lisanawononge tambala. Asanagulitse munda, asanatenge katapila kapena ngongole ya ku banki m'khonde, makolo aonetse kaye mapepalawo kwa mphunzitsi wamkulu kapena ku ofesi ya maphunziro ya khonsolo. Safunsa anadya phula.

Khonsolo ikupempha aphunzitsi aakulu kuti azisunga bwino malipoti a ana kuyambira Fomu 1, ndipo akapemphedwa kalata ya umboni azilemba zimene akudziwadi za mwanayo m'malo mwa mawu awiri ongoti ndi wakhalidwe labwino. Makomiti a ADC ndi VDC aganizire malaibulale, magetsi a dzuwa ndi makompyuta a m'masukulu a sekondale oyendera pokonza mapulani awo a chitukuko, pakuti mafomu onsewa amalembedwa pa intaneti. Mafumu ndi makhansala athandize kuti mwana waluso adziwike akadali Fomu 2, pamene nthawi yokonzekera ikadalipo, ndi kuti mtsikana wanzeru asakwatiwitsidwe poyembekezera zotsatira.

Makolo ndi achinyamata amene ali ndi mafunso afike ku ofesi ya maphunziro ya khonsolo, kapena apereke mafunsowo kwa khansala wa wodi yawo.