Mapasa M'mimba ndi Zimene Magazi a Mai Anena

Mai wa kwa Mwase kapena wa kwa Kapichila m'boma la Lundazi akamva kwa anamwino kuti ali ndi pakati pa mapasa, mafunso amacuruka pamudzi. Bambo afuna kudziwa ngati ndi anyamata, agogo adera nkhawa ngati ana onse awiri adzabadwa amoyo. Kale mafunso otere anali kudikira tsiku la kubala. Lero madotolo akhoza kuyankha ena a iwo mwa kupima magazi a mai, koma yankho lao liri ndi malire ace, ndipo omvera ayenera kuwadziwa.

Thupi la munthu linamangidwa ndi tizigawo tosaoneka ndi maso, ndipo m'kagawo kali konse muli timaulusi 46 tochedwa makromosomu, 23 tocokera kwa bambo ndi 23 tocokera kwa mai. Timaulusi timeneti tinyamula DNA, imene ilamulira maonekedwe ndi makulidwe a mwana. M'caka ca 1997 dotolo wa ku Hong Kong, Dennis Lo, anapeza kuti tizidutswa ta DNA ya mwana timayenda m'magazi a mai wace, tocokera ku nsengwa. Kuyambira 2011 zipatala za m'maiko ena zinayamba kupima amai mwa njira iyi. Pakati pakakwana masabata 10, magazi atengedwa pa mkono wa mai, ndipo mwana sakhudzidwa konse.

Cimene afunafuna makamaka ndico kromosomu yoonjezera. Mwana akakhala ndi makromosomu atatu a nambala 21 m'malo mwa awiri, abadwa ndi cilema cimene John Langdon Down anacifotokoza mu 1866, ndipo cifukwa cace cinadziwika ku Paris mu 1959. Mwana wotere acedwa kuyenda ndi kulankhula, ndipo nthawi zina mtima wace ubvuta, koma akaleredwa bwino akula, naphunzira, nathandiza pakhomo. Makromosomu atatu a nambala 18 kapena 13 ndiwo oopsa koposa, pakuti ana ambiri otere safika caka cimodzi. Zilema izi zicuruka mai akapitirira zaka 35. Sizicokera kwa mfiti kapena kwa mizimu, ndiponso si kulakwa kwa mai ai.

Pa mapasa nchito ibvuta pang'ono, cifukwa DNA ya ana awiri isanganizika m'magazi amodzi. Mapasa ali a mitundu iwiri. Ena acokera m'dzira limodzi logawika, ndiwo ofanana kweni-kweni, anyamata okha-okha kapena atsikana okha-okha. Ena acokera m'mazira awiri, ndipo akhoza kukhala mnyamata ndi mtsikana. Opima ayang'ana kromosomu yochedwa Y, imene ipezeka mwa amuna okha. Ikasowa, onse awiri ndi atsikana. Ikapezeka, mmodzi kapena onse awiri ndi anyamata. Abambo amene adzudzula akazi ao cifukwa ca kubala atsikana amvetse apa: Y imeneyi icokera ku mbeu ya bambo.

Magazi akaonetsa cilema, sachula kuti ndi mwana uti mwa awiriwo. Ndiponso zicitika kuti mwana mmodzi afa pakati pali pang'ono, koma DNA yace itsala m'magazi kwa masabata, nisokoneza opima. Cotero kupima kumeneku kucenjeza cabe. Pofuna kutsimikiza, dotolo atunga madzi a m'cibaliro ndi singano pakati patakwana masabata 15, pa mwana ali yense payekha.

Kupima kotere kulira ndalama zambiri, magazi atumizidwa kutali, ndipo sikupezeka m'zipatala zazing'ono za kumidzi. Koma mai wa ku Lundazi asataye mtima, pakuti zimene zipulumutsa mapasa ziri pafupi. Zoopsa zazikuru ndizo kubadwa masiku asanakwane, kucepa kwa magazi, kuthamanga kwa magazi, ndi kutaya magazi atabala. Mu 2016 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti mai aonane ndi acipatala kasanu ndi katatu, ndi kuti aunikidwe m'mimba ndi makina asanakwane masabata 24. Makina amenewo ndiwo aulula mapasa msanga, naonetsa ngati ali ndi nsengwa imodzi kapena ziwiri. A nsengwa imodzi afuna kuyang'aniridwa kawiri-kawiri.

Mu 2012 Lundazi anali limodzi la maboma anai a m'Zambia, pamodzi ndi Nyimba, Kalomo ndi Mansa, kumene kunayamba nchito ya Saving Mothers, Giving Life, yolimbikitsa amai kubalira m'cipatala. Langizo lija likhudza mai wa mapasa koposa ena onse. Iye asabalire kumudzi. Anyamuke masiku akali kutali, akakhale m'nyumba yodikiriramo pafupi ndi cipatala cimene cikhoza kucita opaleshoni ndi kuonjeza magazi. Bambo wanzeru asunge ndalama za ulendo pamene agulitsa cimanga ndi nshawa, pakuti mitsinje ikadzala m'dzinja galimoto sifika ku midzi ina.