Ngaka ya nthanga za maungu: mawu a pa chionetsero cha luso la ana



Nsalu mukuziona pachingwezi apanga ndi ana a kupulayimale omwe timakumana nawo Loweruka masana. Sitinagule zambiri ayi. Zigamba za chitenje tinapempha kwa atelala, chosokerapo ndi thumba la ufa lochapa bwino, kenako ulusi, singano ndi guluu basi.

Taonani ngaka iyo. Thupi lake ndi chigamba chosokerera, mamba ndi nthanga za maungu zomata mosanjikiza, udzuwo anadinda ndi mbatata yosema yoviika mu utoto. Kuti mwana afike pamenepo amayenera kuyang'anitsitsa chithunzi cha nyamayo, ndiye mafunso amangobwera okha. Ili ndi mano? Ayi, ngaka ilibe mano, imanyambita nyerere ndi chiswe ndi lilime lake lalitali. Nanga ikaopsezedwa imathawa? Ayi, imangodzipinda ngati nkhata, n'chifukwa chake anthu amangoitola n'kukagulitsa, ngakhale malamulo amaletsa. Mwana amene watha tsiku lonse akumata mambawo, wina akadzamuuza kuti ngaka ndi ndalama sadzangovomera.

Tisamaganize kuti nyama sizingathe. Ku Majete, m'boma la Chikwawa, njovu ndi zipembere zinatheratu chifukwa cha opha nyama mozembera. Bungwe la African Parks litayamba kusamalira malowa mu 2003, linachita kubweretsa zina kuchokera kwina. Pofika 2016 ndi 2017, Majete ndi Liwonde zinali ndi njovu zokwanira kugawirako Nkhotakota pafupifupi 500. Eti nanga ana athu akapanda kuzidziwa, adzazisunga ndani?

Lamulo lathu ndi limodzi: pansalu sipabwera chikopa, nthenga ya mbalame yakutchire kapena munga wa nungu. Wofuna mapiko a nkhwazi adule nsalu. Sitikufuna mwana atenge legeni chifukwa cha ife.

Tsopano pempho. Musataye zigamba, mabatani ndi ulusi wa juzi yakutha, tibweretsereni. Amayi odziwa kupeta ndi kuluka, tipatseniko ola limodzi, chifukwa ana aang'ono amangomata koma okulirapo akufuna wowagwira dzanja pa singano. Anyamata anzanga, musati singano ndi ya atsikana. Atelala angati pamsika wathu ndi abambo? Loweruka lino tikuyamba mvuu, ndipo tikusowa zigamba zotuwa.