Nyali Ziunike Msewu, Zisathobwe Anthu M'maso

Mlangizi wa zachitetezo cha pamsewu anafika m'mudzi wina m'mbali mwa msewu wa M1 atanyamula phunziro limodzi: eni galimoto za matola ndi anyamata akabaza aziwongola okha nyali zawo. Pamsonkhano anafunsa ngati alipo amene anayezapo nyali, koma yankho lisanamveke anali atayamba kale za dimu ndi fulu, pomwe amayi ambiri pamenepo sanagwirepo chiwongolero.

Njira yake ndi yapafupi. Galimoto iime pamalo athyathyathya madzulo, mamita 10 kuchoka pakhoma, matayala atapopedwa bwino. Munthu ayeze kuchoka pansi kufika pakati pa nyali, n'kulemba mzere ndi khala pakhoma pamsinkhu womwewo. Akayatsa dimu, malire a kuwala agwere pafupifupi masentimita 10 kunsi kwa mzerewo. Ndilo tanthauzo la 1.0% yolembedwa panyali zambiri. Kuseri kwa nyali, kunsi kwa boneti, kuli masikuluu awiri, ina yokwezera ndi kutsitsira, ina yopotozera m'mbali. Nyali imodzi iphimbidwe ndi nsalu pokonza inzake. Popeza kuno timayenda kumanzere, kuwala kumakwererako kumanzere kuti kuonetse oyenda pansi.

Kenaka mawu ake anakwera. Anakumbutsa za opalasa njinga ogwera m'ngalande atathobwa m'maso, ndi za mababu a LED ogula pamsika amene amamwaza kuwala paliponse akaikidwa m'nyali yopangidwira babu wamba. Anati matumba a chimanga akalemera kumbuyo, kaya pamatola kaya panjinga yamoto, mphuno imadzuka ndipo kuwala kumalunjika kumaso kwa wobwera kutsogolo.

Bambo wina wa matola anaimirira. "Alangizi, tikatsitsa nyali, maenje ndi ng'ombe tiziona bwanji?" Anthu anaomba m'manja, ndipo m'pomveka, chifukwa amene amalipira akathyola sipuling'i ndi iyeyo.

Msonkhano wonse unakhotera pamenepo. "Bambo, fulu ntchito yake ndi imeneyo, bola mudime mukaona mnzanu," anayankha mlangiziyo. Anafotokoza kuti babu wa H4 ali ndi mawatsi 60 pafulu ndi 55 padimu, choncho nyali ikamaunika mofooka vuto limakhala kwina: galasi lofiirira ndi dzuwa, mawaya adzimbiri, kapena babu wolowetsedwa mopendama. Bamboyo anapempha amfumu kuti amulole kuyezera galimoto yake pakhoma la chigayo kukangoda.