Mwala wa M'mbali mwa Msewu: Mawu a pa Mwambo Wokumbukira Makolo



Munthu wopita ku Zomba amaona nsanja yaitali pafupi ndi Cobbe Barracks, yokumbukira asilikali a King's African Rifles amene anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Wopita ku Mangochi amaona mfuti ya sitima ya Gwendolen, imene inathira nkhondo sitima ya Ajeremani pa nyanja pa 13 Ogasiti 1914. Ku Karonga kuli manda a iwo amene anagwa pa nkhondo ya pa 9 Seputembala chaka chomwecho, ndipo ku Lilongwe kuli nsanja kumene akuluakulu a boma amakaika nkhata mwezi wa Novembala.

Koma wapaulendo wodzera ku Mponela, ku Mvera kapena wokwera zitunda za ku Ntchisi amawerenga zikwangwani za masitolo, za mipingo ndi za mabungwe. N'kovuta kuti apeze mwala womuuza kuti m'midzi imeneyi munachokanso anthu opita ku nkhondo.

Chonsecho anachoka, ndiponso ambiri. Akatswiri a mbiri amati pa nkhondo imeneyo, imene makolo ankaitcha ya Chiwaya potengera kulira kwa mfuti, dziko la Nyasaland linapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000. Amtengatenga sanapatsidwe mfuti. Anasenza ufa, zipolopolo ndi mahema pamutu, kutsata gulu la General Northey limene linalowa m'dziko la Ajeremani, lomwe lero ndi Tanzania, mu 1916. Ambiri sanapite mwa kufuna kwawo: amesenjala a boma ankafika pamudzi, mfumu n'kukakamizidwa kupereka amuna. Njala, kamwazi, malungo ndi chisanu zinapha ochuluka, ndipo anaikidwa m'tchire popanda mbale woponya dothi. Otsala anabwerera mu 1918 n'kupezana ndi mliri wa chimfine. Pa nkhondo yachiwiri ana awo anafika ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma.

Mapiri anowa anaonanso nkhondo Mzungu asanafike. Nkhalango ya m'phiri la Ntchisi inabisa Achewa othawa nthungo za Angoni, ndipo midzi ina inadzitchinga ndi malinga. Mu 1889 A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok anamanga misoni ku Mvera m'dziko la Chiwere. Lero zidzukulu za othawa ndi za owathamangitsa zinakwatirana, zimalima dimba limodzi ndi kulira maliro amodzi. Mwala wokumbutsa nthawi imeneyo suyenera kutokosa zilonda. Uyenera kunena zimene zinachitika, kuti mwana adziwe mtengo wake wa mtendere umene anaupeza.

Chikumbutso chimodzi chokha ndicho chinatsala poyera: mganda. Anyamata akamavina atavala zoyera, ali m'mizere, phazi likugunda pamodzi, amaonetsa perete amene agogo awo anamuona ku usilikali. Koma gule satchula dzina. Dzina limakhala m'mutu mwa gogo, ndipo gogo akatsikira kuli chete, limapita naye. Amene anaona amtengatenga ndi maso atsala owerengeka.

Samuel Josia Ntara anaonetsa kale njira. Iye anakhala pansi ndi akuluakulu, nalemba Mbiri ya Achewa ndi mbiri ya mfumu Msyamboza ya ku Chibanzi. Ntchito yotereyi siyembekezera ndalama za kunja. Nyakwawa iliyonse ingathe kuitanitsa mabanja pabwalo kuti atchule amene anapita: dzina, mfunda, mudzi, ndiponso ngati anabwerera kapena ayi. Ana a sukulu angathe kulemba m'kope. Mainawo akafika kwa Gogo Chalo, kaya ndi kwa Dzoole, kwa Msakambewa, kwa Kalumo kapena kwa Nthondo, chotsala ndi njerwa, matumba ochepa a simenti ndi mmisiri wa pamudzi pomwepo. Mutu umodzi susenza denga, koma midzi khumi singalephere chipilala chofika m'chiuno pa mphambano.

Chipilalacho chilembedwe m'Chichewa, chiyang'ane kumsewu, kuti mayi wopita kuchigayo ndi mnyamata wa kabaza aziwerenga. Anthu amene anasenza katundu wa mfumu ya ku England mpaka kufera kutali sanalandire nsanja. Zidzukulu zawo zingathe kuwapatsa mwala kwawo, mwambo wa chaka chamawa usanafike.