Tizilemba Zimene Taona



Ku yunivesite anatiphunzitsa kuti wofufuza amamuyeza ndi mapepala amene wasindikiza, ndiponso powerenga kuti anzake amutchula kangati m'zolemba zawo. Lero nane nditchulako mmodzi, malemu Dr. Dilip Mahalanabis a ku India.

M'chaka cha 1971, nkhondo ili mkati ku Bangladesh, kolera inabuka mumsasa wa othawa kwawo ku Bangaon. Madzi a diripi anaperewera. Dokotalayu anasungunula mchere, shuga ndi soda m'madzi, nauza achibale kuti azimwetsa odwala awo. Poyamba, pa odwala 100 ankamwalira pafupifupi 30, koma chiwerengerocho chinatsika kufika pa anayi. Mu 1973 zimenezi zinasindikizidwa mu Johns Hopkins Medical Journal, madokotala a m'maiko ena nawerenga.

Kolera itatigwera kuno mu 2022 ndi 2023, tinkathamangira Thanzi. Akanapanda kulemba bambo amenewa, umboni uja ukanathera mumsasa momwemo.

Ife ogwira ntchito m'boma timaona zambiri pakagwa ngozi, koma malipoti timangowaunjika m'kabati. Anzanga, tiyeni tizilemba, ena awerenge.